Geti Linatsala Pomwepo

Dzanja lamanja la a Mageti lili ndi zala zitatu zosapindika. Akafuna kumwa tiyi amagwira kapu ndi manja onse awiri, ndipo anthu osawadziwa amayesa ndi ulemu. Si ulemu ayi. Dzanjalo linaphwanyidwa ndi geti, ndipo getilo analipanga okha.

Dzina lawo lenileni lili pa mapepala a kuchipatala ndi a kupolisi, koma mumsewu wa amisiri palibe amalitchula. Kwa zaka makumi atatu ndi mphambu anawotcherera zitsulo m'shedi ya malata yomwe inali pakati pa wokonza mafiriji ndi wokhoma mabokosi a maliro. Ankapanga mabedi ndi zitsulo za m'mawindo, koma ntchito yomwe inawapatsa dzina ndi ya mageti. Geti lawo linkadziwika ndi kulemera. Amisiri ena ankagula mapaipi opyapyala n'kuwapaka penti wakuda kuti aoneke amphamvu, ndipo iwo ankati zimenezo ndi zitseko za khola la nkhuku. Pomangirira geti sankafuna kumva za mabawuti. Ankati bawuti ndi kiyi amene wamusiyira mbava panja. Iwo ankaboola chipilala, n'kulowetsa chitsulo mpaka chikakumane ndi zitsulo za mkati mwa simenti, n'kuwotcherera pomwepo. Akachoka, geti ndi chipilala zinkakhala thupi limodzi.

Sanali munthu wofatsa, ndipo palibe chifukwa chobisira. Tsiku lina masana munthu anayesa kuwabera chingwe cha makina awo. Anamugwira pakhosi, n'kumukanikiza nkhope pa tebulo la zitsulo mpaka mphuno inathyoka. Kenako anamuponyera nsanza kuti apukute magazi, poti anali kudontha pa bedi la kasitomala. Wokhoma mabokosi, yemwe anali mnzawo wa zaka zambiri, anawauza tsiku limenelo kuti akapitiriza chomwecho adzamubweretsera ntchito yaulere.

Koma munthu wopangira anzake mageti ameneyu analibe pakepake. Iwo ndi akazi awo anakhala m'nyumba za lendi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anasamuka kasanu ndi kanayi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakulira m'zipinda za eni ake. Mwini nyumba wina anawazulira chitseko mvula ikugwa chifukwa ankafuna kuikamo m'bale wake. Kuyambira pamenepo a Mageti ankati sadzafa asanatseke geti lawolawo.

Nyumba inapezeka kudzera mwa alamu awo, achimwene a akazi awo, omwe ankagulitsa zipangizo zakale za galimoto ndipo anthu ankawatchula kuti a Sipeya. Bambo ameneyu ndiye analera mlongo wakeyo makolo atamwalira, ndipo m'banjamo mawu ake sankabwezedwa. Anati ali ndi nyumba ya zipinda zogona zitatu kumapeto kwa msewu wina, pamalo pomwe kale panali munda waukulu wa kampani, ndipo m'malo moigulitsa kwa mlendo ndi bwino idyedwe ndi abale.

Mwana uja, yemwe nthawiyo ankaphunzira unamwino, anapempha bambo ake kuti mapepala akaonedwe ndi loya, ndiponso kuti akafunse ku ofesi ya za malo. Mayi ake analira tsiku lomwelo kusanade. Anati munthu amene anawagulira yunifolomu yoyamba, lero akamufufuze ngati chigawenga? A Mageti nawo anati loya ndi wa anthu odana, ndipo nyumba akaiona okha, poti maso ali nawo.

Anaionadi. Anapita ndi hamala n'kugogoda khoma lililonse kuti amve ngati pulasitala wakakamira. Anakwera padenga, anabaya matabwa ndi msomali kufuna chiswe, anatsegula mipope yonse. Anatha theka la tsiku. Pomwe a Sipeya anawapatsa envulopu ya chikalata cha malo, anayang'ana chidindo, anasisita pepala kumva kukhuthala kwake, anaona kuti nambala ya pachikalata ndi yomwe yalembedwa pakhoma, basi. Zina zonse zinali m'chilankhulo cha maloya. Mgwirizano analemba pa pepala la m'kope, mboni zinali wokonza mafiriji ndi wokhoma mabokosi. Chikalatacho anachiika m'bokosi lachitsulo lomwe anawotcherera okha kuti chisadyedwe ndi mphemvu.

Geti la nyumbayo analipanga miyezi itatu, ntchito za eni ake zikudikira. Polinyamula panafunika amuna asanu ndi mmodzi. Zipilala anakumbira maziko ofika m'chiuno. Atamaliza anakhala pa njerwa tsidya la msewu n'kumangoliyang'ana, ndipo akazi awo atawaitana kuti akadye anati abwera, koma sanabwere msanga.

Anakhalamo zaka zinayi mwamtendere. Mwana anamaliza maphunziro, anthu anayamba kumutchula Namwino, anakwatiwa n'kusamuka. Mayi anadzala mitengo iwiri ya zipatso kuseri.

Chaka chachisanu, Loweruka lina m'mawa, pageti panafika bambo wa chipewa chofiirira atanyamula chikwama cha mapepala. Anafunsa a Sipeya potchula dzina lawo lenileni. A Mageti anati munthuyo sakhala pano, nyumba ndi yawo. Wachipewayo anati iye watumidwa ndi kampani, eni nthaka, ndipo m'mabuku mwawo dzina la a Mageti mulibe. Anati lizi ya malowo inatha miyezi isanu ndi umodzi yapita, palibe anapempha kuwonjezera, nkhani ili kukhoti. Anatambasula dzanja kupereka pepala. A Mageti anang'amba pepalalo, n'kumumenya munthuyo khofi lomwe linaulutsa chipewa mpaka m'ngalande. Wachipewa anatola chipewa chake, anachikutumula bwinobwino, n'kunena kuti adzaonananso.

Namwino atamva, sanafunsenso chilolezo cha munthu. Lolemba anatenga bokosi lachitsulo lija ndi bambo ake n'kupita nawo kwa loya, mayi wamng'ono thupi amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Loyayo anawerenga chikalata chonse. Kenako anafunsa mafunso, limodzilimodzi. Pogula anafunsa ngati nthakayo ndi yogula kotheratu kapena ya lizi? A Mageti anati anagula nyumba, ndipo nyumba siyandama m'mwamba. Anafunsa kuti zaka zatsala zingati? Iwo anati makoma amenewo akhoza kukhala zaka zana. Eni nthaka anavomereza kuti malowo asinthe manja? Dzina lawo linalowa m'kaundula wa ku ofesi ya za malo?

Loya anatembenuza chikalata n'kuloza ndi cholembera mzere wachitatu. Anawafotokozera kuti pali malo omwe munthu amagula nthaka ndi zonse mpaka kalekale, ndipo pali malo omwe amangogula zaka zokhalapo, nthaka ili ya mwini wake. Awa anali a zaka makumi atatu ndi zitatu. Tsiku lomwe iwo ankagogoda makoma ndi hamala, makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zinali zitapita. Anagula zaka zinayi. Ndipo poti dzina silinasinthidwe, makalata onse okumbutsa za kuwonjezera lizi ankapita ku bokosi la kupositi la alamu awo.

Komabe khomo limodzi linali lisanatsekeke. Loya anaimba foni pomwepo, analankhula nthawi yaitali ndi loya wa kampani, ndipo atamaliza anati mlandu ukulowa Lachinayi. Anati kampani siifuna nyumba, imafuna wokhalapo wodziwika, ndipo ngati a Mageti aonekera pamaso pa woweruza n'kusonyeza kuti anagula mosadziwa, mwina akhoza kupatsidwa lizi yatsopano m'dzina lawo. Za khofi lija anati apepesa ndiye.

"Lachinayi mubwere mutavala jekete, bambo," anatero. "Kuyambira lero mpaka tsikulo, manja akhale m'thumba. Alamu anuwo musawaone, musawaimbire. Mwandimva?"

Anati amva. Lachiwiri masana anali pa sitolo ya a Sipeya.

Pambuyo pake ankanena kuti anangopita kukafunsa, ndipo mwina n'zoona. Anawapeza atakhala kuseri kwa kauntala, akusankha manati m'chitini. Anawafunsa chifukwa chomwe sanawauzire za zaka zinayi.

"Munandifunsa, alamu?" anatero a Sipeya, maso ali m'chitini. "Munabwera ndi hamala, ndinakuletsani? Munakwera padenga, makwerero ndinagwira ndine. Pepala ndinakupatsani m'manja. Ndikuwerengereninso? Kusukulu munkapita kukasewera mpira?"

Amuna awiri omwe ankagula zinthu anaseka. Mwina a Mageti akanapirira kusekako. Koma pa kauntala panali kachitsulo ka injini kokulungidwa m'pepala lothimbirira girizi, ndipo pamwamba pa pepalalo panali chizindikiro cha kampani, chomwe chija chinali pa pepala la Wachipewa. Anafunyulula. Inali kalata yachiwiri yokumbutsa za lizi. A Sipeya anati pepala ndi pepala, ndipo la kampani ndi lolimba bwino pokulungira katundu.

Pafupi panali sipanala yaikulu yomasulira matayala a lole. Kumenya koyamba kunafikira pakamwa, ndipo mano anayi anagwera m'chitini cha manati. Kwachiwiri kunathyola nsagwada. A Sipeya anagwa ndi mpando womwe, shelefu ya magalasi a galimoto inawagwera, ndipo a Mageti analumpha kauntala n'kuwaponda pachifuwa. Amakaniko a pafupi anathamangira ndi mapaipi ndi malamba a injini. Anawakwapula kumsana, anawang'amba khutu, anawakokera panja n'kupitiriza kuwamenyera m'fumbi mpaka apolisi anafika. Apolisiwo atawakweza m'galimoto, diso limodzi linali litatsekeka ndipo malaya anali atatsala kolala yokha.

Anakhala m'chitokosi masiku asanu ndi anayi. Lachinayi linawadutsa ali momwemo. Loya anaima yekha pamaso pa woweruza, ndipo loya wa kampani ananena mwachidule kuti munthu amene akupempha chifundoyo anamenya mtumiki wawo Loweruka, n'kugoneka m'chipatala mwini lizi Lachiwiri, choncho kampani siikufunanso kukambirana. Chigamulo chinali chakuti atuluke pasanathe masiku makumi atatu.

Masiku onsewo akazi awo ankapita kuchipatala m'mawa kukamwetsa achimwene awo phala ndi kasupuni, poti nsagwada inali yomangidwa ndi waya, ndipo masana ankapita kupolisi ndi chakudya cha amuna awo. A Mageti atatuluka pa belo, mayiwo anayamba kulongedza mbale m'makatoni. Iwo anatulutsa mbalezo n'kuzibwezera m'kabati.

Tsiku la makumi atatu anabwereka ngolo n'kubweretsa makina awo owotcherera kunyumba. M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anatseka geti n'kuyamba ntchito. Anawotcherera zitseko ziwirizo pamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, anawotcherera kachitseko kolowera anthu, anapingasa zitsulo zitatu mkati. Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaona mbaliwali. Akazi awo anaima pakhonde atagwira tsache.

"Abambo ake, mwatitsekera m'manda," anatero.

Iwo anati m'manda mwawomwawo ndi bwino kusiyana ndi chipinda cha eni ake.

Cha m'ma naini lole inafika. Munali amuna asanu ndi atatu, apolisi awiri, ndi Wachipewa. Iye anawerenga chigamulo chonse mokweza ataima patali ndithu ndi geti, kenako anafunsa mwaulemu ngati atsegula. A Mageti anamufunsa ngati chipewa chinauma.

Amunawo anayamba ndi makina odulira zitsulo. Mpeni woyamba unatha, wachiwiri unasweka, chidutswa chake chinacheka mmodzi wa iwo pamphumi. Anayesa kukanula ndi mgwala wachitsulo, unapindika. Wina wamtali analowetsa dzanja pakati pa zitsulo kuti akwere, ndipo a Mageti anamugunditsa kandodo kowotcherera pamkono. Fungo la khungu lopsa linamveka mpaka pakhonde, ndipo munthuyo anagwa chagada akukuwa. Wina anakwera mpanda cha kumbali, anamulandira ndi paipi pa bondo, anagwera kunja komweko. Apa amunawo anakwiya zenizeni. Anayamba kugenda njerwa zoduka modutsitsa mpanda. Mawindo akutsogolo anasweka onse. Njerwa ina inapeza mayi aja paphewa akuthawira m'nyumba, anagwa pa sitepe, anadzuka okha. Apolisi ankakuwa kuti aliyense asiye, koma palibe ankamva. A Mageti, magazi akutsika m'mutu, ankayendayenda kuseri kwa geti ndi paipi m'manja, akuwauza kuti akaitane ndi azibambo awo omwe.

Wachipewa ndiye anaganiza. Anayenda m'mbali mwa geti akuyang'ana momwe linalumikizidwira, ndipo anauza amuna ake kuti geti alisiye, siligonja. Anatsitsa tcheni cha lole, anachizunguliza pa chipilala cha kumanja n'kuchikola pa zitsulo za geti, mbali inayo anamanga kumbuyo kwa lole. A Mageti anaona zomwe zikuchitika. Anataya paipi, analowetsa mkono wamanja pakati pa zitsulo mpaka paphewa kuti akolole tchenicho. Lole inayamba kukoka. Dalaivala sanawaone, kapena anawaona; kukhoti ananena kuti sanawaone.

Geti la mabawuti likanathyoka pa mahinjesi n'kutseguka. Ili silinathyoke paliponse. Chipilala chinazuka ndi maziko ake, chinzake chinatsatira, ndipo zonse pamodzi zinagwera kumsewu zitanyamula mwini wake. Dzanja linatsala pansi, pakati pa chitsulo ndi miyala. Anthu amati sanakuwe, anangotsegula pakamwa. Panafunika amuna asanu ndi mmodzi kuti anyamule, ndipo amuna aja sanafulumire mpaka wapolisi anawalamula. Wamtali wopsa mkono uja asanagwire anayamba waponda pamwamba pa geti ndi phazi limodzi, n'kutsamira.

A Mageti atatengedwa kupita kuchipatala, katundu anatulutsidwa n'kuunjikidwa m'mbali mwa msewu: mabedi, kabati, mbale zija zili m'mabeseni, bokosi lachitsulo la chikalata. Mayi aja, dzanja limodzi lili lende, anapita kwa Wachipewa n'kupempha chinthu chimodzi. Anati geti ndi ntchito ya manja a amuna awo, awalole apeze ngolo alitenge. Wachipewa anavula chipewa polankhula nawo. Anati chonyamulika ndi chawo, koma chomwe chamangidwa kunthaka ndi cha eni nthaka.

"Akanamanga ndi mabawuti, mayi, ndikanakubwerekani sipanala ine ndemwe. Koma taonani nokha. Geti lili ku chipilala, chipilala ndi cha malo ano."

Zotsatira zake zinali zachidule. A Sipeya anathetsa mlandu wawo mlongo wawo atawagwadira m'chipatala, koma mpaka lero mabanja awiriwa sayenderana, ndipo bamboyo amalankhula mokhotetsa pakamwa. Mlandu wa mkono wopsa ndi bondo unadya makina owotcherera. Loya anati alamuwo akhoza kusumiridwa chifukwa cha malonda aja. Mayi anati tsiku lomwe samani idzapite kwa achimwene awo, iwo adzanyamula chikwama. A Mageti anayang'ana phewa la akazi awo, lomwe silinabwerere m'malo mwake bwinobwino, ndipo sanasumire. Anasamukira m'chipinda cha kuseri kwa Namwino ndi mwamuna wake. Kumeneko kunali kusamuka kwa khumi ndi chimodzi.

Kuwotcherera sangathenso, poti dzanja siligwira. Amathandiza mmisiri wina wa msinkhu wawo amene anatenga shedi ija: iwo amayeza, amajambula, amasankha zitsulo. Makasitomala ena amadandaula kuti mkuluyu asanatulutse tepi amafunsa za mapepala a nyumba ngati wapolisi. Wokhoma mabokosi amawanena kuti ndi loya wopanda jekete.

Chaka chatha kushediko kunabwera mayi wina wogwira ntchito kubanki. Anati walowa m'nyumba ya kumapeto kwa msewu wakutiwakuti, ndipo ili ndi geti lolemera modabwitsa lomwe anthu a kampani analiimikanso mokhota, moti potsegula limakwekwereza pansi. Amisiri awiri alephera, ndipo wauzidwa kuti amene angalidziwe ali pano. Mmisiri mnzawo uja anawayang'ana a Mageti n'kunena kuti akhoza kupita yekha. Iwo anatenga tepi.

Anaima kunja, mumsewu. Mawindo anali atsopano, khoma linali la mtundu wina, mitengo iwiri ija inkaonekera pamwamba pa denga. Geti linali lomwe lija, ndi chipsera pomwe anthu anadula polekanitsa zitseko. Analigwira ndi dzanja lamanzere, analikankha pang'ono, n'kuuza mnzawo kuti hinjesi ya pansi yatsika ndi chala chimodzi, adule apa ndi apa. Kenako anatembenukira kwa mayiyo.

"Pepani mayi, malo ano zaka zatsala zingati?"

"Makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi chimodzi," anayankha osaganiza n'komwe. Anawonjeza kuti dzina lake linalowa m'kaundula asanalandire makiyi, ndipo anachita kukaona ndi maso ake. Anaseka, n'kufunsa ngati amisiri onse amafunsa zimenezi.

A Mageti anagwedeza mutu kuti zili bwino. Mnzawo anafunsa ngati hinjesiyo aiwotcherere ku chitsulo cha m'chipilala monga zinalili kale. Iwo anati ayi, aboole aike mabawuti anayi, ndipo sipanala yake asiyire mayiwo.

Ntchito inatha masana. Geti linatseka ndi kaphokoso kamodzi kokha, osakhudza pansi. Mayi uja anawaitana kuti alowe amwe tiyi. Mnzawo analowa. A Mageti anathokoza, anati adikira panja chifukwa nsapato zawo zili ndi fumbi, ndipo anawoloka msewu n'kukakhala pansi m'mbali mwa ngalande, akupinda tepi ndi dzanja lamanzere.